Momwe Ndinawabera Alamu Anga Chilembo cha W

Ana anga, inu amene simunabadwe, amene ngakhale bambo wanu sindinamuonepo ndi kumaloto komwe, ndikukulemberani mbiri iyi kuti anthu a kuno ku Wimbe akadzakuuzani kuti mayi wanu anali wovuta, mudzakhale mutamva kale mbali yanga. Ndine Takondwa. Ndapuma pantchito mwezi wathawu ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, nditatumikira dziko zaka zitatu ndi theka ngati wokonza zolemba za anthu ena. Malipiro panalibe, penshoni musafunse n'komwe. Za ubwana wanga sindinena, chifukwa unali ngati wa mwana wina aliyense, mamina ndi zipsera za m'mawondo. Ndiyambira pamene ntchito inayambira, ndipo ndikathera pa chinkhoswe cha achemwali anga a Alinafe, chimene chinatsala pang'ono kufa chifukwa cha chilembo chimodzi chimene ndinachotsa ndi lezala.

Fomu 1, teremu yachiwiri

Pasukulu yathu yoyendera panali kabati imodzi ya mabuku imene tinkaipatsa ulemu poitcha laibulale. Woyang'anira kabatiyo anali mnyamata wa Fomu 4 amene ankayenda ngati makiyi amene ali m'thumba mwake ndi a kumwamba. Tsiku lina m'mawa tinapeza wamata pepala pabolodi ya zidziwitso: ATSIKANA ONSE OFUNA KUBEREKA ABWERE KU OFESI LACHITATU 2 KOLOKO. ANYAMATA LACHINAYI. Anthu ankawerenga n'kumapita, chifukwa aliyense anadziwa kuti akunena za kubwereka mabuku. Ine ndekha miyendo inakana kuchoka. Ndinatulutsa cholembera n'kulemba pansi pake bwinobwino: "Azamba alipo? Nanga anyamatawo abereka bwanji?" Pofika nthawi ya buleki sukulu yonse inali itaunjikana pabolodipo, ena atagona pansi ndi kuseka, ndipo belu lisanalire ndinali nditagwada kale mu ofesi pamaso pa Madamu Mbewe, aphunzitsi athu a Chichewa, mayi wamfupi amene ankakhoza kukuyang'ana mpaka uyambe kuulula machimo a anzako.

"Walemba izi ndiwe?"

"Ndangofunsa, Madamu. Mumati pasukulu tizifunsa."

"Cholakwika pamenepa n'chiyani?"

"W wathawa, Madamu."

"Ndiye bwanji sunangomubwezerapo W wakeyo mwakachetechete?"

"Nanga anthu akanaseka chiyani?"

Madamu anatembenuka n'kuyang'ana kuzenera nthawi yaitali ndithu, mapewa akugwedera. Atabwerera nkhope inali youma. Anatsegula dirowa, n'kutulutsa cholembera chofiira, n'kundiuza kuti popeza maso anga ndi akuthwa kuposa nzeru zanga, kuyambira tsiku limenelo ndiziona bolodi m'mawa uliwonse anthu asanafike. "Koma umve, Takondwa. Mnyamata uja wathawira kuseri kwa zimbudzi, akukana kulowa m'kalasi. Ukamakonza mawu, mwini mawuwo azitsala wamoyo." Ndinavomera mwaulemu. Mumtima ndinkangoganiza kuti ndapalamula mlandu ndipo andikweza paudindo.

Ntchito inali yambiri, ana anga, chifukwa mtundu wathu uli pankhondo ndi l ndi r kuyambira kalekale. Lamulo lake n'losavuta, r amatsatira i ndi e ngati mwana wa mbuzi, koma anthu amalemba mmene kwawachera. Chiyeso changa choyamba chinabwera pamene a hedi eniake anamata chidziwitso choti makolo onse "abwele". Ndinathamangira kwa Madamu cholembera chili chotsegula kale. Anandigwira dzanja. Anati munthu wamkulu sumuuza kuti walakwitsa, chifukwa ukatero amasiya kuteteza mawuwo n'kuyamba kuteteza imvi zake, ndipo imvi sizigonja. Umamufunsa funso ngati chitsiru, cholakwacho achipeze yekha. Ndinapita, ndinagogoda, ndinagwada, n'kunena kuti, "A hedi, pepani, ine mawu awa ndakhala ndikulemba ndi r, ndimaopa kudzalakwa mayeso, tandithandizani." A hedi anayang'ana pepalalo, n'kutsokomola, n'kunena kuti, "Ndimakuyesani dala, ndione ngati pasukulu pano pali amene ali maso." Ndinawathokoza chifukwa cha mayesowo. Pa asembule ananditchula ngati chitsanzo cha mwana waulemu, ndipo anzanga amene ankandidziwa anatsala pang'ono kukomoka.

Fomu 2, nyengo ya mvula

Chaka chimenechi chinali cha usiwa pantchito yathu. Cholembera chija chinatha inki, ndipo Madamu anati zofiira zotsala n'zochongera mayeso basi. Ndinachiuzira mpweya, ndinachikwecha pansi pa nsapato, ndinachiyanika padzuwa ngati chinangwa, koma zii. Wantchito weniweni salira zipangizo. Ndinagwiritsa ntchito chidutswa cha njerwa yowotcha, madzi a mabulosi, ndipo kamodzi lipisitiki ya achemwali, imene inakonza chikwangwani cha kuchigayo bwino kuposa mmene inkakonzera milomo yawo. Anandithamangitsa kuzungulira chigafa cha fodya katatu, ali ndi chipande m'manja, koma mpaka lero chigayocho chimati "chimanga", osati "chimaga".

Popeza njerwa silemba papepala, ndinadzisamutsa ndekha kuchoka kubolodi ya sukulu kupita pa tiredingi senta, kumene zikwangwani zinali ngati munda wosapalira. Kumeneko n'kumene ndinakumana ndi bwana wanga wachiwiri, ngakhale iwo sankadziwa kuti ndi bwana wanga. Anali a Lufeyo, okonza njinga pansi pa mtengo wa kesha, amene pamwamba pa benchi yawo panali thabwa lolembedwa kuti PANO TIMAMETA MATAYALA. Tsiku la msika ndinatola tayala lakutha, ndinaligudubuza mpaka pamapazi awo, n'kunena mokweza kuti ogulitsa tomato amve: "A Lufeyo, ndabwera ndi kasitomala. Akuti mum'mete m'mbali mokha, pamwamba musiye." Anthu anaseka. A Lufeyo sanaseke, koma sanakwiyenso. Anapitiriza kupala chubu ndi kachitsulo kawo, kenako anandilozera pabenchi.

"Takhala apa, mwana wa a Banda. Ukuganiza kuti sindidziwa kuti ndi kumata? Thabwa ili lakhala pano iwe usanavale yunifolomu. Amene anandilembera analakwitsa, ndipo ndinafuna kufufuta sabata yomweyo. Koma ndinaona kuti munthu akamadutsa amaima kuti aseke. Akaseka amatsika panjinga. Akatsika amafinya tayala, n'kupeza kuti mpweya wachepa. Ana anga anayi adya e ameneyu. Ukam'khudza, ndikumeta ndiwe, ndi sipanala."

Sindinam'khudze. Ndinaphunzira tsiku limenelo kuti zolakwa zina zili ndi eni ake, ndipo amaziweta. Ndinangowonjezera pansi pake ndi njerwa kuti NDEVU ZA NJINGA TIMAMETANSO, ndipo a Lufeyo anazisiya pomwepo mpaka mvula inatsuka.

Fomu 3

Chaka chimenechi ntchito inandisamutsira kunyumba. Foni m'banja mwathu ndi imodzi, ya abambo, ndipo popeza maso awo anayamba kuona tizilembo ngati nyerere, ankandipatsa ine kuti ndiziwawerengera ndi kuwalembera mauthenga a pagulu la kalabu yawo ya alimi a fodya. Pagulu limenelo panali amalume anga a Chikuse, achimwene awo a amayi, munthu wa Sitandade 8 yakale, amene amavala magalasi a mwendo umodzi ndipo amawerenga chilichonse mokweza chala chikutsogola. Dera lonse limadziwa kuti posankha fodya palibe wowaposa: tsamba amaliyang'ana padzuwa kamodzi n'kukuuza mzere umene linachokera. Koma mawu akuti fodya iwo amalemba "FODIYA", ndi zilembo zazikulu zokhazokha. Ndinapirira miyezi iwiri. Tsiku lina chala chinanditsogolera, ndinayankha pansi pa uthenga wawo, pa foni ya abambo, mawu amodzi okha: "fodya". Dzuwa lisanapendeke amalume anali atafika panjinga, thukuta lili kamukamu, kudzafunsa abambo kuti uphunzitsi anayamba liti, ndiponso ngati anaiwala kuti mkazi amene ali naye m'nyumbamo anam'peza kwa ndani. Abambo anapepesa mlandu umene sankaudziwa. Amalume atapita anandiitana n'kunena motsitsa mawu, zimene kwa abambo n'zoopsa kuposa kukalipa: "Iwe, amalume ako ndiwo nkhoswe ya ana onse a m'nyumba muno. Tsiku lina udzawafuna. Usadzawaputenso."

Chaka chomwecho kunabwera a Wongani. Anachokera ku Simlemba, kumalire kumene anthu amayamba chiganizo m'Chichewa n'kukachimaliza m'Chitumbuka, ndipo anabwera ndi jeke yodindira mabelo imene abambo anabwereka kwa abale awo. Ntchito ya tsiku limodzi inatenga masiku atatu, chifukwa nthawi iliyonse achemwali akamadutsa ndi ndowa, jekeyo inkapezeka kuti yavuta penapake. Anali munthu wamtali, wofatsa, wamanyazi ngati kamwana ka ng'ombe. Popeza kuimba foni kunali kuimbira apongozi, anayamba kulemba makalata, ndipo popeza ine ndinkadutsa pa tiredingi senta tsiku la msika pochokera kusukulu, ndinasanduka positi ofesi. Makalatawo ndinkabisa m'chigafa, pakati pa fodya, pamalo amene achemwali ankadziwa. Musandifunse ngati ndinkawawerenga. Positi ofesi yosadziwa katundu amene yanyamula ndi yosasamala. Ndiponso anandiloleza eniake. Tsiku lina anandipatsa kalata akuyang'ana pansi, n'kunena kuti, "Mlamu, Chichewa changa chimatsimphina. Ukaona pakhota uziwongola, asamandiseke akulu ako." Kuyambira pamenepo ndinkawaikira h pamene wasowa ndi kuwachotsera r pamene wachuluka, mwaukhondo, osasiya chizindikiro. Achemwali mpaka ankadzitama kuti bwenzi lawo limalemba ngati buku.

Fomu 4, nyengo yosankha fodya

Kunatsala milungu itatu kuti chinkhoswe chichitike pamene kalata ija inabwera. Ndinaiwerenga nditakhala pachulu kuseri kwa sukulu, ndipo ndikuikumbukira yonse: "Wokondedwa Alinafe, ndimakutemwa chomene. Chikwanje ndanola kale, mawa ndiyamba kudula mitengo ya nyumba yathu. Ukadzabwera kwathu ndizidzakutemwa m'mawa, ndizidzakutemwa madzulo, ndipo ngakhale abale ako atandiletsa ndidzakutemwabe." Kutemwa m'Chitumbuka ndi kukonda. Ndinkadziwa bwino lomwe, sindinama. Zikuoneka kuti chikondi chitawakulira, alamu anaona kuti mawu a Chichewa sakukwanira, n'kubwerera ku chilankhulo cha amayi awo. Koma ana anga, tayang'anani nokha. W anayi ataima pamzere, chikwanje chonolanola chili pakati pawo. Mulungu akakuikira chinthu chotere m'manja, kuchikana n'kusayamika. Komanso mlamu ndi munthu wosereulana naye, mwambo umalola. Ndinatulutsa lezala yosongolera pensulo, ndinapala W aliyense wa kutemwa pang'onopang'ono, n'kutalikitsa mchira wa m kuti ukakumane ndi a. Inali ntchito yabwino kuposa zonse zimene ndinagwirapo. Cholinga changa chinali chakuti achemwali adzidzimuke, andithamangitse kuzungulira chigafa, tiseke, zithe.

Chimene sindinadziwe n'chakuti amalume, atamaliza fodya wawo, anali atabwera kudzathandiza abambo kusankha. M'mawa wa tsiku lotsatira, Lachitatu, tonse tili m'chigafa tikumanga ndindi, timitolo ta masamba osankha kale, ndinaona dzanja lawo likulowa pamulu umene sunali wawo n'kutuluka ndi pepala. Anakonza magalasi. Chala chinatsogola. "Ndi-ma-ku-te-ma cho-me-ne." Amayi anasiya tsamba lili m'manja. "Chikwanje ndanola kale." Apa anabwereza kawiri. Pofika pa "ngakhale abale ako atandiletsa ndidzakutemabe", amayi anali atagwira kumutu akuti mayo ine, abambo ataima kukamwa kuli yasa. Achemwali anayesa kufotokoza kuti ndi Chitumbuka, kuti amatanthauza kukonda, koma amalume anawaonetsa pepalalo pafupi ndi mphuno.

"Ine ndinafika Sitandade 8 yakale, mwana iwe, osati yanuyi. Apa palembedwa kutema. Mwana wa mlongo wanga si mtengo wa bulugama. Chinkhoswe kulibe. Muwauze a ku Simlemba abwere Loweruka adzatenge mawu awo." Anapinda kalatayo n'kuiika m'thumba la malaya, n'kumanga batani.

Kunena zoona, mphindi zoyambirira ndinaluma ndindi ya fodya kuti ndisaseke, ndipo kuwawa kwake ndikukumvabe. Koma masana tili kumjigo ndinaona achemwali akupopa madzi ndowa itadzaza kale, madzi akungosefukira, iwo osaona. Sankalira mokweza. Misozi inkangotsika yokha.

"Takondwa, tandiyang'ana."

"Ndikukuyang'anani, asisi."

"Kalata ija unaigwira?"

"Kuigwira ndinaigwira. Nanga ikanafika bwanji?"

"Ndadikira chaka chathunthu, Takondwa. Munthu uja wadula kale mitengo." Anasenza ndowa n'kumapita, ndipo zikanakhala bwino akanandimenya nayo.

Lachinayi ndinakawauza zonse Madamu Mbewe. Anaseka mpaka anavula magalasi, kenako anasiya mwadzidzidzi ngati wailesi yatha mabatire. Anati kuulula kokha sikuthandiza. "Amalume ako alengeza kale. Ukakawauza pamaso pa alendo kuti anapusitsidwa ndi kamtsikana ka lezala, adzachikana chinkhoswecho kawiri kuti apulumutse nkhope yawo." Ndinafunsa kuti ndiye nditani. Anati, "Unauyamba wekha mzerewu, ukaumalize." Lachisanu ndinapalasa njinga mpaka kwa amalume kuti ndikawauze paokha, koma ndinawapeza pabawo, kalata ili m'manja, akuwerengera amuna asanu ndi mmodzi, aliyense akuwayamikira kuti apulumutsa mwana. Ndinapereka moni, n'kunena kuti ndimangodutsa. Pobwerera ndinawerengetsa zimene zikundidikira ndikaulula: abambo adziwa kuti ndawaputanso amalume, achemwali adziwa kuti makalata awo onse ndinkawerenga, ndipo buku lawo lija ndinali ine. Ndikakhala chete, palibe amene akanandigwira. Ntchito yanga inali yaukhondo kwambiri.

Loweruka alendo anafika dzuwa lili pamutu: a Wongani atavala jekete yobwereka yofika m'zigongono, nkhoswe yawo imene sinalankhule zambiri, ndi amayi awo a Nyagondwe, mayi wonenepa wa maso oseka amene sanapondepo m'kalasi. Anakhala pamthunzi pafupi ndi chigafa. Ine ndinapatsidwa ntchito yogawa thobwa. Amalume anaimirira n'kuwerenga kalata yonse, ndipo tsopano anali ataidziwa pamtima moti chala chinkangoperekeza. A Wongani anamvetsera nkhope ikusintha mitundu.

"Asibweni," anatero, ndiko kunena kuti amalume m'chilankhulo chawo, "ine ndinalemba kutemwa. Kwathu ndiko kukonda."

"W ali kuti? Ndionetseni. Nali pepala."

A Wongani analandira pepalalo ndi manja awiri. Analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anadzutsa maso n'kundiyang'ana ine kamodzi kokha, ndipo ndinadziwa kuti adziwa. Ndinagwiritsa jagi, ndikudikira chala chawo. Koma iwo anaweramitsa mutu n'kunena kuti, "Mwina dzanja linaterereka, asibweni. Chichewa changa n'chopunduka. Pepani."

"Dzanja loterereka kanayi papepala," anatero amalume, "lidzaterereka kangati ndi chikwanje?"

Nkhoswe ya alendo inayamba kufunafuna chipewa chake. Kuseri kwa chitseko ndinamva achemwali akufwenthera. Ana anga, ine ndapusitsapo anthu ambiri ndipo ndinagona tulo tabwino, koma munthu wakuti wam'tchera msampha, n'kugweramo, kenako n'kukhalira msamphawo kuti anthu asauone, ameneyo sindinam'konzekere. Ndinaika jagi pansi, ndinayenda ndi mawondo mpaka pamapazi a amalume, ndipo ndinavala nkhope yopusa kuposa zonse zimene ndili nazo.

"Amalume, pepani, ine ndine mwana, za mapepala sindidziwa. Pamene mumawerenga paja dzuwa linali kumbuyo kwanu, ndiye ndimaona ngati pepalalo likuwala pena ndi pena. Kodi ndi mmene amapangira mapepala a masiku ano? Inu mumadziwa masamba."

"Choka apa iwe, akuluakulu akulankhula," anatero abambo. Koma amalume anali atatenga kale pepalalo. Analitambasula ndi zala ziwiri mbali iyi, ziwiri mbali inayo, n'kulikweza kudzuwa monga amachitira ndi tsamba limene akulikayikira. Ndipo pamenepo, pamaso pa onse, panawala timawindo tinayi, kalikonse pakati pa m ndi a. Anapendeketsa mutu. Anapalasa ndi chikhadabo.

"Apa pakwechedwa," anatero pang'onopang'ono. Kenako mawu anakwera. "Apa pakwechedwa! Apa, apa, apa ndi apa! Ndinadziwa ine! Kuyambira Lachitatu ndakhala ndikunena mumtima kuti kalata iyi ili ndi fungo. Mukuganiza kuti ndinaisungiranji m'thumba? Munthu angandinamize pa zina, koma osati pa tsamba!" Anayenda nalo pepalalo kuonetsa mlendo aliyense payekha, ndipo aliyense anavomereza kuti maso otere sanawaonepo. Atafika kwa a Wongani anawagwira paphewa. "Mwana wanga, wina amafuna kukuphera banja. Mwayi wako kuti nkhoswe ndine. Kalatayi unatuma ndani?"

Panalibe chifukwa chodikira kuti mitu yonse imalize kutembenuka. "Ndine, amalume. Lezala yake ili m'chikwama cha kusukulu."

"Iwe? Unachitiranji?"

"M'Chichewa mulibe mawu akuti ndimakutemwa, amalume. Ndimangokonza."

Sindidziwa chimene abambo akanandichita, chifukwa anali atayamba kale kuyang'ana kumene kuli mitengo yoyanikira fodya. Anandipulumutsa ndi a Nyagondwe. Nkhoswe yawo itawafotokozera bwinobwino m'Chitumbuka zimene zachitika, anayamba kuseka chapansipansi, kenako anagwa chammbali pamkeka, duku linagwa, akumenya pansi ndi dzanja, akungoti, "M'mawa! Madzulo! Chikwanje!" Kuseka kwawo kunali kopatsirana ngati chimfine. Amayi anatengera, nkhoswe inatengera, abambo analimbana nako mpaka anagonja, ndipo amalume, amene tsopano anali ngwazi ya tsikulo, anaseka kuposa onse. Chilango changa anagamula ndi iwo: ndibwezere W aliyense pamalo pake onse akuona, ndipo ndisankhe ndekha fodya yense wa zinyenyeswa kwa milungu iwiri. Ndinawabwezera ndi cholembera chofiira chobwereka, ma W akuluakulu. Achemwali sanandilankhule masiku asanu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi anandifunsa, osandiyang'ana, ngati mawu a m'kalata ina ya pa Khirisimasi onena za maso awo anali a Wongani kapena anga. Ndinawauza zoona, kuti mawu onse anali a eniake, ine ndinkangowachapa. Anandiponyera chitsononkho, ndipo ndinadziwa kuti mlandu watha.

Tsiku la chinkhoswe

Chinachitika pa tsiku lomwe linakonzedwa, pabwalo la kwathu, anthu atadzaza mpaka kumunda wa mtedza. A ku Simlemba anabwera pa lole. Achemwali anawala moti ndinayamba kukayika ngati tinabadwa mimba imodzi, ndipo alamu anali atapeza jekete yofika m'manja. Pamene ankadutsa pafupi nane anandinong'oneza kuti, "Mlamu, chikwanje chija chikadali chakuthwa," ndipo ndinaona kuti munthuyu m'banja mwathu akhalitsa.

Nthawi ya malangizo itakwana, amalume anaimirira atavala suti yawo ya maliro ndi maukwati. Analankhula bwino ndithu, za kupirira, za kusaulutsa nkhani za m'nyumba, za mmene diso la nkhoswe linapulumutsira banja ili lisanayambe. Kenako, pofuna kulemekeza alendo, anaganiza zomaliza m'chilankhulo chawo. Anakweza chala kumwamba, anakoka mpweya, n'kufuula kuti bwalo lonse limve:

"Ana inu, monga amanenera kwanu kuja, muzitemana! Pamtendere ndi pamavuto, muzitemana!"

Bwalo linati zii. Ngakhale mwana amene ankalira kumbuyo anasiya. Ndipo ana anga, mitu yonse, ya kwathu ndi ya ku Simlemba, inatembenukira kwa ine. Abambo anandiyang'ana ndi diso lakuti yesa uone. Achemwali anatseka maso. W ameneyo anali atafika kale pamilomo panga, ndikumumva akukankha mano, ndipo funso lachitsiru limene likanagwira ntchito pamaso pa anthu onsewo ndinalifunafuna osalipeza.

Pamenepo a Nyagondwe anadzuka. Analuluta nthungululu yaitali, n'kuyamba kuvina molunjika kwa amalume, chitenje akuchikupiza, akufuula ngati munthu amene wamva mawu okoma kwambiri moti sangathe kukhala pansi: "Enya! Mwayowoya makora, asibweni! Mwanena bwino! Watemwanenge! Wa-te-MWA-nenge!" Amayi a ku Simlemba anaulandira mawuwo n'kuwaombera m'manja, a kwathu analowerera, ng'oma inagwira, ndipo W uja anazungulira bwalo lonse akuvina, osapezeka ndi mmodzi yemwe wonena kuti anasowapo. Amalume anaima pakati akugwedeza mutu mokhutira.

"Ndi zomwe ndanenazo," anatero.

Ine zaka zitatu ndi theka, lipisitiki, njerwa, kugwada mu ofesi, ndipo mayi wosadziwa kuti W amayang'ana kumwamba kapena pansi anakonza nkhoswe pamaso pa midzi iwiri, nkhosweyo n'kuthokoza. Gule atazizira amalume anandipeza ndikutsuka makapu kuseri kwa nyumba. Anaima, anakonza magalasi awo a mwendo umodzi.

"Wamva, iwe wa lezala? Chitumbuka ndimachitha."

"Ndamva, amalume," ndinatero. "Mwachilankhula bwino zedi."

Imeneyo, ana anga, ndiyo inali kalata yanga yosiyira ntchito, ndipo munalibe cholakwika ngakhale chimodzi.